Pa Nkaya, pomwe dzina la Alessandro linapeza kwawo

Ndinapita ku Nkaya kudzera ku Balaka, nyengo yotentha, fumbi lili tolotolo m'njira. Malowa ndi achigwa, a milambe ndi mitsanya, ndipo chimene chimawatchukitsa ndi njanji. Ya ku Limbe yopita ku Salima imadutsa pomwepa. Mu 1970 anatsegula ina yolowera kum'mawa, yowoloka Shire pa Liwonde n'kudutsa m'boma la Machinga mpaka ku Nayuchi, ulendo wa kudoko la Nacala. Yaposachedwa ndi yochokera ku Moatize m'chigawo cha Tete, ya sitima zitalizitali za malasha. Pafupi ndi Nkaya pali Utale, mishoni imene ansembe a chipani cha Montfort anaitsegula mu 1908. Ulendo wonsewo ndinkalingalira za dzina limodzi limene Akatolika a dera lino analimva pa Misa kwa zaka zambiri, la Alessandro, ndipo maganizo anga ndi oti dzinali silinganenedwenso kuti ndi lachilendo kuno.

Dzinali ndi la Chitaliyana, koma ngakhale Ataliyana eniake anachita kulibwereka. Gwero lake ndi Chigiriki, Alexandros, mawu awiri olumikizana: loyamba kuteteza, lachiwiri munthu wamwamuna. Tanthauzo lake ndi woteteza anthu. Analifalitsa ndi Alexander Wamkulu wa ku Macedonia, amene anamwalira mu 323 Yesu asanabadwe atasiya dzina lake pa mzinda wa Alexandria ku Egypt. Pa Marko 15:21 timamva kuti Simoni wa ku Kurene, amene anasenza mtanda wa Yesu, anali ndi mwana wa dzina lomweli, ndipo Kurene ndi ku Libya ya lero. Kotero mu Africa dzinali linafika kalekale. Koma njira imene linadzera pobwera ku Balaka ndi ya mzinda wa Bergamo kumpoto kwa Italy, umene nkhoswe yake ndi Alessandro Woyera, msilikali amene amati anaphedwa chifukwa cha chikhulupiriro cha m'ma 303. Anthu a kumeneko amachita chikondwerero chake pa 26 Ogasiti ndipo amakonda kutcha ana awo dzinali. N'chifukwa chake sizodabwitsa kuti Dayosizi ya Mangochi, imene Nkaya ili m'manja mwake, inakhala ndi maepiskopi awiri a dzina limodzi, onse a chipani cha Montfort, onse obadwira m'dera la Bergamo. Ambuye Alessandro Assolari anatsogolera dayosiziyi kuyambira 1973 mpaka 2004, ndipo Ambuye Alessandro Pagani kuyambira 2007 mpaka 2013.

Alipo otsutsa, ndipo mawu awo ndi omveka. Amati mayina athu amalankhula okha. Mwana akatchedwa Chitetezo, Limbani kapena Mavuto, mudzi wonse umadziwa zimene banja linadutsamo, pomwe Alessandro agogo amangolitchula movutikira, osamva kanthu. Amakumbutsanso kuti panali nthawi imene munthu pobatizidwa ankasiya dzina la makolo ngati kuti ndi lachikunja. Bala limenelo ndi lenileni ndipo sindikulichepetsa. Komabe taonani mmene ife timatchulira ana. Kawirikawiri sitiyang'ana tanthauzo lokha, timatcha mwana dzina la munthu amene tikufuna kumukumbukira, malume, agogo, kapena mlendo amene anatichitira zabwino. Kholo la ku Utale likasankha dzina la episkopi amene analipatsa ulimbitso, likutsata mwambo womwewo wa makolo, ndipo palibe amene walikakamiza. Abale athu Achisilamu a ku Machinga ali ndi a Saidi ndi a Yusufu, mayina ochokera ku Chiarabu, ndipo palibe amene amawakayikira Chiyao chawo. Dzina lomweli, m'kalembedwe ka Alexander, linalowanso m'dziko muno ndi amishoni a ku Scotland monga Alexander Hetherwick, amene anatsegula mishoni ya Domasi mu 1884. A Aleki ambiri a m'midzi mwathu ndi a dzina limeneli, ndipo sitiwatenga ngati alendo.

Chimene ndimadandaula nacho n'chakuti ana ambiri amakula ndi mayina amene makolo awo sangathe kuwafotokoza. Mnyamata wotchedwa Alessandro ayenera kuuzidwa kuti dzina lake likutanthauza woteteza anthu, auzidwenso za munthu amene analibweretsa kwawo ndi ntchito imene anagwira. Apo ayi, otsutsa aja ndiye kuti akunena zoona. Inu makolo a ku Nkaya, ku Utale ndi ku Balaka, ngati mwalikonda dzinali mpatseni mwana wanu, koma pa chiphaso chake chobadwira mulembetsenso la Chichewa kapena la Chiyao, ndipo akayamba kuzindikira mumuuze tanthauzo la onse awiri.