Kagalu ndi njinga yamoto

Kwathu kwa Magodi timayankhula Chitumbuka, ndipo galu timamutcha ntcheŵe. Ndili mnyamata, m'zaka za m'ma 1980, ntcheŵe inali ndi ntchito ziwiri basi: kupita ku uzimba ndi kulonda pakhomo. Katswiri wolera agalu m'mudzi mwathu anali asibweni anga, mlongo wawo wa amama. Kagalu kakangoleka kuyamwa ankakavundikira ndi dengu kuseri kwa nkhokwe, n'kutsindira mwala pamwamba, kuti kasazolowere anthu. M'nsima yake ankasinjiramo mavu, nthawi zina tsabola. Ana tikafuna kukanyamula ankatikalipira: "Mukapusitsa! Galu wogwiridwagwiridwa sauwa mbala."

Galu wathu Mudzatopa anakula motero, ndipo mudzi wonse unkamutama kuti ndi wolusa. Ndimaonabe m'maganizo mmene ankaimira mlendo akafika: mchira pakati pa miyendo, makutu atagonera kumbuyo, kuuwa uku akubwerera chafutambuyo. Tinkati ndi ukali. Panapita zaka zambiri ndisanazindikire kuti anali mantha. Tsiku lina analuma mtsikana wochokera kuchitsime, amene anasenza ndowa yatsopano yonyezimira, chinthu chimene galuyo anali asanachionepo. Mlandu unakathera kwa afumu ndipo tinalipa mbuzi. Za chipsera cha pa mwendo wa mwanayo palibe anazitchula pabwalo, koma ine zimandipwetekabe.

Amwayi anali agalu a uzimba. Tchire likapsa, tiana tinkalondola agalu akuluakulu kukathamangitsa akalulu ndi agwape, ndipo m'njiramo tinkakumana ndi ng'ombe, mitsinje, anthu a midzi ina, phokoso la mitundumitundu. Sukulu imeneyo inatha. Tchire lambiri ndi minda ya chimanga, soya ndi thonje tsopano, kusaka nyama popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo kuyambira 2003 bungwe la COMACO lakhala likulimbikitsa alenje kuno ku Lundazi kupereka mfuti ndi misampha kuti adalire khasu. Pamene galu wataya njira yodziwira dziko, dziko lenilenilo labwera pakhomo pake. Njinga zamoto zimadutsa kuyambira m'mamawa, ogula mbewu amafika ndi masikelo awo, mafoni amalira m'matumba, ndipo chichokereni 2018, pomwe dera lathu la Chasefu linakhala boma palokha, msewu wa ku Emusa sukhala chete. Galu woleredwa pansi pa dengu angapenge lero.

Chaka chino mdzukulu wanga anabweretsa kagalu ka masabata 6, kakuda, kokhala ndi banga loyera pachipumi. Anakatcha Nyenyezi. Mlangizi wa ziweto amene anabwera kudzabaya agalu katemera wa chiwewe anandipeza ndikufunafuna dengu, ndipo anakhala nane pansi pa mtengo wa mango. Anandifotokozera kuti kuyambira masabata 3 mpaka cha m'ma 12 kagalu kamalandira msanga zimene kakuona, koma nthawiyo ikadutsa chachilendo chilichonse chimayamba kuoneka ngati mdani. Ofufuza a ku Jackson Laboratory ku Bar Harbor, m'dziko la America, anaona kale zimenezi m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960: tiagalu tomwe sitinakhudzidwe ndi munthu mpaka masabata 14 tinakhala tamantha ngati nyama zakutchire. Mtima unandigunda. Masabata amenewo ndi omwewo asibweni ankatsindira mwala padengu.

Tinayamba ndi njinga yamoto ya mphwanga, chifukwa Nyenyezi akangoimva ankathawira pansi pa nkhokwe n'kukodza. Ndinapempha mnyamatayo kuti aiimike pabwalo, injini itazima ndi kuzizira. Ndinamwaza kapenta kuchokera pakhonde kulowera kumatayala, ineyo n'kukhala pampando osayankhula. Kagaluko kanadya nsomba zitatu, kanaima, kanatambasula khosi miyendo yakumbuyo ili chilili, kenaka kanabwerera. Sindinakakoke. Tsiku lachitatu kananunkhiza tayala, kanayetsemula, n'kugona mumthunzi wa njingayo. Pamenepo mpomwe tinayamba kuliza injini, poyamba patali kumunda, mawa lake pafupi pang'ono, kapenta ali m'manja mwa mdzukulu wanga. Ng'ombe za pangolo, wilibala, ana a sukulu obwera gulu, agogo oyenda ndi ndodo, zonsezi tinachita chimodzimodzi, chimodzi patsiku.

Ndinalakwitsa kamodzi chifukwa cha phuma. Nditaona kuti zikuyenda, ndinapita nako kuchigayo. Makina atangolira kananjenjemera thupi lonse, kanandikanda pamkono, ndipo kwa sabata yathunthu ngakhale njinga ija kanayambanso kuiopa. Ndinachita manyazi ndi mdzukulu wanga, yemwe anangoti, "Agogo, mwakafulumizitsa." Tinabwerera poyambira.

Popeza katemera wa chiwewe kagalu kamalandira kakakwana miyezi 3, masabata onsewo ndinkakanyamula m'manja tikatuluka pakhomo, kuopa agalu oyendayenda. Anthu anayankhula. Mnansi wanga anandiimitsa panjira nandifunsa mwaulemu, "Adada, ameneyu adzauwa mbala koma?" Funsolo silinali lachipongwe. Mbuzi zimabedwa, ndipo munthu sangadyetse galu wongosewera naye ufa uli wochepa. Ndinawayankha kuti tidikire tione.

Nyenyezi ali ndi miyezi 7 tsopano. Usiku wa Lachiwiri anauwa kukhola la nkhuku mpaka ndinatuluka ndi tochi, ndipo m'mawa tinapeza mapazi a vungo pafumbi. Masana ana odzatunga madzi amadutsa pambali pake ndi ndowa zawo, iye n'kungodzutsa khutu limodzi. Chomwe chatsala ndi ambulera. Ikatseguka mwadzidzidzi amalumphabe n'kubisala kuseri kwa miyendo yanga, ndiye madzulo aliwonse ndimaiika pabwalo ili yotsegula, kapenta pansi pake, kuti mvula ya Novembala ikamagwa akhale ataizolowera.