Mlenje wa mbalame amayamba ndi makutu

Legeni yanga yoyamba ndidaipanga ndi mphanda ya mtengo wa gwafa, mphira wa chubu cha njinga ndi kachikopa ka nsapato yakutha. Ndidatola miyala yodzaza thumba nkuzungulira tchire tsiku lonse kumwera kwa Mitundu, koma ndidabwerako chimanjamanja. Malume atandiona adaseka. "Mphwanga, iwe umangoyenda. Njiwa ili ndi nthawi yake yodya, yomwa ndi yogona. Ukadziwa zitatuzo, idzakupeza yokha."

Sabata yotsatira adandilanda legeni ija. Ntchito yanga idali kudzuka tambala woyamba atalira, kukakhala pa chulu ndi kumvetsera. Apo ndi pomwe ulenje wanga udayambira, ndipo mnyamata aliyense wobwera kwa ine ndimamuyambitsira pomwepo.

Njiwa ndi mbalame yosasintha njira. Kukacha imachoka m'mitengo yomwe yagona nkupita kumunda, dzuwa likatentha imabisala pamthunzi, likapendeka imatsikira kumadzi. Mukaiona ikudutsa pamwamba pa mtengo wakutiwakuti lero, mawa idzadutsanso pomwepo. Chakudya chake ndi mbewu zogwera pansi. Choncho kuyambira Meyi, anthu akakolola, ndimayendera minda ya mpendadzuwa, mawere ndi mapira, komanso pomwe padali mikukwe ya chimanga. Imatolanso timiyala tothandiza kugaya chakudya m'nthutumba, n'chifukwa chake mumaipeza m'misewu yafumbi mmamawa.

Nyengo yabwino koposa ndi Seputembala ndi Okutobala. Zithaphwi zikauma, njiwa za dera lonse zimasonkhana pa madzi ochepa otsala m'dambo. Sizikonda pomwe pali bango lowirira, zimafuna gombe loyera, lamchenga, pomwe zingaone mdani akubwera. Pafupi pamakhala mtengo wouma womwe zimayamba zaterapo kuti zisuzumire. Mukapeza nthenga zotuwa, zitosi zoyera pansi pa nthambi ndi timapazi pamatope, mwafika. Njiwa ikamamwa imamiza mlomo osadzutsa mutu, kusiyana ndi nkhuku, ndipo kanthawi kameneko ndi ka mlenje. Ulimbo ndimautchera pa timitengo ta pamtengo woumawo, khwekhwe pa gombe, ine nkubisala dzuwa lili kumsana kwanga.

Zinziri ndi nkhani ina. Sindikunena zoweta zija zodzaza m'makola m'tauni, koma zam'tchire. Izi zimabwera ndi mvula, ndipo chaka china zimachuluka, china osaoneka n'komwe. Sizitera mumtengo. Zimakhala pansi, mu udzu wofika m'mawondo, m'tsala ndi m'mphepete mwa dambo momwe simulowa madzi. Udzu ukakhala wothithikana kwambiri sizikhalamo, chifukwa zimafuna mipata yothamangamo. Zinziri simuiona, mumaimva: yaimuna imalira mbandakucha ndi madzulo. Mukaiyandikira imati phee, mpaka mutatsala pang'ono kuiponda, kenaka fuluu, nkukagweranso mu udzu pafupi pomwepo. Ndimayang'ana timaenje m'dothi louma momwe imasamba fumbi, ndi tinjira tating'ono m'munsi mwa udzu. M'tinjiramo ndi momwe ndimatchera msampha wa ulusi wa khonje. Kuona maso a nkhono n'kudekha: tsiku loyamba ingomverani, lachiwiri wazani gaga, lachitatu mutchere.

Koma kudziwa komwe kuli mbalame ndi theka chabe. Theka linalo ndi kudziwa mwini wa pamalopo. Anyamata amati tchire lilibe mwini. Bodza limenelo lidandidyetsa manyazi. Ndili wamng'ono ndidatsata njiwa zopita kokagona mpaka ndidalowa mu msitu wa mitengo ikuluikulu, osazindikira kuti ndi manda. Njiwa zimakondadi kumanda, popeza ndi komwe kwatsala mitengo yosadulidwa. Nkhani idafika kwa amfumu, ndipo malume adalipa nkhuku. Kumanda sikulowedwa popanda chilolezo cha amfumu, ndipo kwathu kuno dambwe limakhalanso komweko.

Lamulo la malo la 2016 lidaika dambo ndi malo ena a mudzi osagawidwa m'gulu la malo a anthu onse. Izi sizitanthauza kuti mlendo angofika nkuyamba kutchera. Ndikafuna kusaka m'mudzi wa eni, ndimayamba ndakaonekera kwa a nyakwawa. Munda, ngakhale wokololedwa kale, uli ndi mwini wake, ndipo ambiri amavomera msanga chifukwa njiwa zimawathera mpendadzuwa. Abusa a ng'ombe ndiwo amadziwa zambiri: amakuuzani chithaphwi chomwe sichiphwa ndi tsala lomwe adadzidzimutsamo zinziri dzulo.

Palinso malo a boma omwe ndi otsekeratu. Nkhalango ya Dzalanyama ili pafupi nafe, mbalame zilimo, koma ndi yotetezedwa ndipo simusakidwa mwachisawawa. Ku Kasungu, Nyika, Liwonde, Lengwe, Majete, Nkhotakota, Vwaza ndi Mwabvi, m'malo osungirako nyama, msampha m'thumba ndi mlandu kale. Lamulo la nyama zakutchire la 1992 adalikhwimitsa mu 2017, ndipo zilango zake si zamasewera. Wofuna kusaka ndi mfuti ayambe wapeza chiphaso cha mfutiyo, kenaka akafunse za chiphaso chosakira mbalame ku nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire.

Zinthu ziwiri ndimadana nazo pa ntchito yathuyi. China ndi kuthira mankhwala ophera tizilombo mu gaga kapena m'madzi. Mbalame zimagwa zambiri, inde, koma poizoniyo amathera m'mbale ya ana, ndipo pachithaphwi chomwecho pamamwa mbuzi. China ndi moto. Tchire likapsa lonse, zinziri zilibe pobisala, njiwa zilibe njere za udzu.

Njiwa imaikira mazira awiri okha, oyera, pa kachisa ka timitengo koonekera kunsi. Ndikapeza chisa, mtengo umenewo ndimaulambalala. Zinziri zimaswa nthawi ya dzinja, choncho sinditchera mpaka mvula itasiya, anapiye atayamba kuuluka. Pa chithaphwi chimodzi sindibwerako masiku awiri otsatizana, chifukwa mbalame zikachenjera zimasamuka zonse. Zisanu kapena zisanu ndi imodzi zakwana ndiwo ya banja.

Inu amene mukufuna kuyamba, siyani legeni kunyumba sabata yoyamba. Kapempheni kwa amfumu, chezani ndi abusa, mukhale pa chulu mbandakucha, ndipo muwerenge mbali yomwe njiwa zikuchokera ndi komwe zikulowera.