Kuika Zizindikiro m'Nkhalango ya Mau

Anzanga, ndifuna kukuuzani za nchito imene ndaphunzira caka cino m'kagulu kathu ka kompyuta. Pasukulu pathu makina ngocepa, koma ophunzira tiri ambiri. Munthu aliyense apatsidwa mphindi 30 zokha, mnzace ataimirira kumbuyo kudikira mpando.

Timalemba mapulogalamu m'cinenero ca Python. Pulogalamu igawidwa m'tizigawo timene timati mafankishoni, ndipo fankishoni iriyonse iyamba ndi liu lakuti def. Yathu yowerengera malikisi a mayeso inakula kufika mizere 600. Kufuna fankishoni imodzi m'menemo kunali ngati kufuna mbuzi yosokera m'nkhalango ya Ntchisi, ndipo nthawi inali kutha munthu asanakonze kanthu.

Colembera cathu ndi Vim, cimene anapanga Bram Moolenaar wa ku Holland, nacitulutsa mu 1991. Mu Vim ukalemba m ndi a, waika cizindikiro pa mzere umene uli, ndipo ukhoza kubwererapo nthawi iriyonse. Koma zilembo zazing'ono ziripo 26 basi, ndiponso fankishoni yatsopano iriyonse ifuna kuti uiikire cace ndi manja.

Cifukwa ca ici ndinaganiza kuti makinawo aziika okha zizindikiro. Ndinalemba lamulo lalifupi m'faelo ya .vimrc, imene Vim awerenga poyamba nchito. Tsopano ukadina F5, vimgrep ayenda mzere ndi mzere natola ponse pali def, ndipo copen aonetsa ndandanda yace m'munsi. Usankha dzina, udina Enter, wafika. Mnzako akaonjeza fankishoni mawa, udinanso F5, nayonso ilowa m'ndandanda.

Ena amati nzeru zotere nza ku Ulaya. Koma konkuno ku Dowa, pa Dzaleka, pamene panali ndende ya andale pasanakhale msasa wa othawa kwao mu 1994, Remy Gakwaya wocokera ku Burundi anayambitsa TakenoLAB naphunzitsa anyamata ndi atsikana kulemba mapulogalamu. Nanga ife tilepherenji?

Lamulo lija ndaliika pa makina onse a m'cipinda cathu, pakuti mutu umodzi susenza denga. Amene afuna kuona m'mene ligwirira nchito abwere Lacitatu tikaweruka, ndipo a Fomu 1 asacite manyazi.

Wophunzira wa Fomu 3