Dzina la 166, Liwiro la 200

Kachinthu kotchedwa jumper sikaposa njere ya chimanga kukula kwake. Ndi kachipewa kapulasitiki, kawirikawiri kakuda, kokhala ndi kachitsulo m'kati. Kamavekedwa pa timisomali tiwiri toimirira pa motherboard, lomwe ndi thabwa lalikulu la m'kati mwa kompyuta pomwe zipangizo zonse zimakumana. Kakavekedwa, magetsi amadutsa kuchoka pa kamsomali kena kupita pa kanzake; kakavulidwa, njira imaduka. M'makompyuta ambiri a m'zaka za m'ma 1990, tizipewa timeneti ndi timene tinkauza purosesa liwiro loti izigwirira ntchito. Anthu atazindikira kuti munthu atha kusuntha kachipewa kamodzi n'kuyithamangitsa purosesa kuposa liwiro lolembedwa pamsana pake, ambiri anayamba kutero. Mchitidwewu pa Chingerezi amati overclocking.

Ine ndinabadwa nyengo ya tizipewati itatha kale, ndipo maphunziro anga ndi a zilankhulo, osati a zamagetsi. Chinandifikitsa kumeneku ndi kompyuta ya malemu bambo anga. Iwo anali mphunzitsi wa sukulu ya pulaimale, ndipo m'chaka cha 2001 anagula kompyuta yogwiritsidwapo kale ntchito, yomwe ankataipiramo nthano, zilapi ndi miyambi zomwe ankamva kwa agogo. Atamwalira, amalume anga, omwe amakonza mafoni ndi makompyuta ku Limbe, anaisunga m'katoni kuseri kwa shopu yawo. Chaka chatha, titapatsidwa ntchito yofufuza nthano za kwathu, ndinapita kukawapempha kuti tiyitsegule.

Amalume sanalole kuyatsa kompyutayo tsiku lomwelo. Anachotsa kaye hard disk, n'kuyilumikiza ku laputopu yawo ndi chingwe chapadera, mpaka mafayilo onse a bambo atakopedwa. Atatero mpomwe anaibwezera, n'kupukuta fumbi, n'kuyatsa. Tsiku ndi chaka zomwe zinaoneka pa sikirini zinali zabodza, chifukwa kabatire kosunga nthawi kanali katafa kalekale. Koma pamwamba pake panatuluka mawu akuti Pentium MMX, ndi nambala 200. Amalume anazimitsa, n'kuvundukula kachitsulo koziziritsa purosesa pamodzi ndi fani yake.

"Tawerenga apa, mphwanga," anatero.

Pa purosesa panali palembedwa 166.

Masamu ake si ovuta. Motherboard ili ndi kawotchi kake komwe kamagunda pa liwiro lokhazikika, ndipo pa makina ngati amenewa kankagunda pa 66 MHz, kutanthauza maulendo pafupifupi 66.6 miliyoni pa sekondi. Purosesa imatenga kugunda kumeneku n'kukuchulukitsa ndi nambala ina, yomwe akatswiri amati multiplier. Ukachulukitsa 66.6 ndi 2.5 upeza 166. Ukachulukitsa ndi 3 upeza 200. Tsono purosesa za nthawi imeneyo sizinkadzisankhira zokha nambala yochulukitsirayo. Zinkamvera zomwe tizipewa tanena. Pa thabwa lenilenilo pali katebulo ka zilembo zoyera, kosonyeza kuti ukafuna 2.5 veka apa, ukafuna 3 veka apo. Amalume anasuntha kachipewa kamodzi kokha m'chaka cha 2002, ndipo kompyuta ya bambo inawonjezera gawo limodzi mwa magawo asanu pa liwiro lake popanda kulipira tambala. Kabatire kanafa, kompyuta inaiwala tsiku, koma kachipewa kaja sikanaiwale kanthu pa zaka zoposa 20.

Funso langa loyamba linali lakuti, ngati purosesayo inkatha kuthamanga pa 200, n'chifukwa chiyani kampani ya Intel inalembapo 166? Yankho lake lili m'kapangidwe. Mapurosesa a mtundu umodzi amapangidwa ambirimbiri nthawi imodzi, kenaka amayesedwa. Ena amapirira liwiro lalikulu, ena ayi, ndipo amapatsidwa mayina motengera mayesowo. Koma fakitale ikazolowera ntchito, ochuluka amatuluka abwino kwambiri, pomwe msika ukufunabe otsika mtengo. Zikatero ena amphamvu amalembedwa nambala yotsika n'kugulitsidwa motero. Nambala ya pamsana ija, choncho, sinena malire enieni a chinthucho. Imanena pomwe lonjezo la kampani lathera. Kupitirira pamenepo zikhoza kuyenda kapena kukanika, ndipo zikakanika palibe woti um'dandaulire.

Chomwe chinandigwira mtima kwambiri, monga wophunzira zilankhulo, ndi mmene tizipewati timayankhulira. Purosesa ya Pentium inali ndi timiyendo tiwiri tomvera za multiplier, totchedwa BF0 ndi BF1. Kalikonse kamatha kukhala m'njira ziwiri zokha, motero mawu onse a chilankhulochi anali anayi: 1.5, 2, 2.5 ndi 3. Kusintha kamodzi kokha kumasintha tanthauzo lonse, monga mmene kampweya kamasiyanitsira "pala" ndi "phala". Vuto linabuka mu 1997 pamene Intel inatulutsa Pentium MMX ya 233 MHz, yomwe inkafuna 3.5, koma mawu onse anayi anali atagwiritsidwa kale ntchito. M'malo mopeka mawu achisanu, anatenga mawu akale n'kuwapatsa tanthauzo latsopano. Kavekedwe komwe Pentium yakale inkamva kuti 1.5, Pentium MMX inkamva kuti 3.5. Kampani ya AMD inachitanso chimodzimodzi pa mapurosesa ake ena a K6-2, omwe ankati akauzidwa 2 amamva 6. Pa thabwa palembedwa china, womvera akumva china, ndipo palibe wanama.

M'kalasi tinaphunzira za Ferdinand de Saussure, yemwe maganizo ake anasindikizidwa mu 1916, kuti palibe chingwe chachibadwa chomanga chizindikiro ndi tanthauzo lake. Ndinalemba zimenezi pa mayeso n'kukhoza, koma ndinaziona ndi maso anga m'shopu ya mafoni. Ife Achewa tili nacho chitsanzo chapafupi. Mawu akuti "mtengo" timawalemba mofanana, kaya tikunena wa mango kaya wa shuga m'golosale, ndipo chimawasiyanitsa ndi kamvekedwe komwe kalembedwe kathu sikaonetsa. Wowerenga ayenera kudziwa kale chilankhulocho. Naye wokonza makompyuta ankayenera kudziwa kuti akuyankhula ndi purosesa iti.

Amalume anandiuza kuti bambo sanakondwe atamva zomwe zinachitika. Anati zikufanana ndi kukwera basi ya ku Lilongwe utalipira ya ku Balaka. Amalume anawayankha kuti, "Alamu, basi ndi ya eni ake, koma ichi munagula ndi chanu." Ndaganizira mkangano umenewu nthawi yaitali, ndipo ine ndili mbali ya amalume, ngakhale ndikumvetsa pomwe nkhawa ya bambo inachokera. Kuba kunalipodi m'nkhani imeneyi, koma kunali kwina. M'zaka za m'ma 1990 kunali amalonda achinyengo omwe ankapala nambala ya pa purosesa n'kudindapo yapamwamba, kenaka n'kuigulitsa pa mtengo wokwera kwa munthu wosadziwa. Tizipewa ankasuntha mofanana ndi amalume. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo ankasinthanso dzina, n'kumusenzetsa wogula ngozi yomwe sanaivomere. Amalume anasiya 166 pomwe inali, ndipo mwini wake anauzidwa.

Panali njira ina yowonjezerera liwiro, yomwe amalume anaikana. Mathabwa ambiri ankalola kukweza kawotchi kaja kuchoka pa 66 kufika pa 75 kapena 83 MHz. Koma kawotchi kameneka sikatumikira purosesa yokha. Njira yotchedwa PCI, yomwe zipangizo zina komanso mauthenga a hard disk zimadalira, kawirikawiri inkayenda pa theka la liwirolo. Pa 66 imakhala 33, monga inapangidwira. Pa 75 imafika 37.5; pa 83 imapitirira 41. Pamenepo hard disk ina imayamba kulemba zinthu molakwika mwakachetechete, mwini wake n'kudzazindikira mafayilo ataonongeka kale. Purosesa ikatopa, kompyuta imangouma, umazimitsa n'kubweza kachipewa. Fayilo ikaonongeka ilibe kachipewa kobweza. Agogo anali atakalamba kwambiri nthawi imeneyo, ndipo nthano zina anazinena kamodzi kokha.

Mphamvu ya magetsi nayonso sanaikhudze. Pentium MMX imafuna mavolti 2.8, ndipo anthu ena ankakweza pang'ono kuti purosesa isamaume. Koma kutentha kumakwera msanga kwambiri ukakweza mavolti kusiyana ndi ukakweza liwiro lokha, ndipo nyumba yomwe bambo ankakhala inali ya malata opanda siling'i. Aliyense wodziwa mwezi wa Okutobala m'nyumba yotere atha kumvetsa. Amalume anangoikamo fani yokulirapo, n'kuisiya kompyutayo ikugwira ntchito usiku wonse kuti aone ngati iuma. Sinaume.

Nyengo ya tizipewa sinakhalitse. Pofuna kuthana ndi achinyengo aja, Intel inayamba kutseka multiplier m'kati mwa purosesa, ndipo pofika 1998 kusuntha kachipewa ka nambalayi kunalibenso phindu pa mapurosesa ake atsopano. Anthu sanagonje. Celeron 300A ya chaka chomwecho inali yotsekedwa pa 4.5, koma ambiri ankakweza kawotchi kuchoka pa 66 kufika pa 100 MHz, purosesa ya 300 n'kumathamanga pa 450. Pa liwiro la 100 mathabwa abwino ankasunga PCI pa 33, motero hard disk inkakhala pamtendere. Kampani ya Abit inatchuka ndi mathabwa olola kusintha zonsezi pa sikirini, osatsegula kompyuta. Mu 2000, eni mapurosesa a Athlon ndi Duron a AMD anapeza kuti atha kutsegula loko wake pojambula timizere ndi pensulo wamba pamsana pa purosesa, poti chakuda cha m'kati mwa pensulo chimadutsitsa magetsi. Masiku ano mapurosesa amadzikwezera okha liwiro kukakhala kuti kutentha kukulola, ndipo Intel imagulitsa padera, pa mtengo wokwererapo, mapurosesa osatsekedwa okhala ndi chilembo K kumapeto kwa dzina. Chomwe chinali kuzembera kampani chinasanduka katundu wa kampani yomweyo.

M'mafayilo a bambo ndinapezamo nthano zomwe sindinazimvepo, zina zolembedwa ndi mawu a Chichewa cha kumudzi omwe anzanga a m'kalasi sanawadziwe. Zilembo zonse zinali zathunthu, palibe fayilo yomwe inakana kutseguka. Zitatu mwa nthanozo ndinazigwiritsa ntchito pa kafukufuku wanga, zotsalazo ndikuzitaipanso pang'onopang'ono m'kalembedwe kovomerezeka, ndikusunganso kalembedwe ka bambo pambali pake.