Kuseri kwa Mipanda ya Lilongwe

Amayi anzanga, inu amene mumatsegula wailesi ya MBC m'mamawa phala lili pamoto, mawu akuti "chitukuko cha mzinda wa Lilongwe" mwawamva kosawerengeka. Wailesiyi inakhazikitsidwa mu 1964, ndipo yakula pamodzi ndi mzindawu. Likulu la dziko litasamuka ku Zomba mu 1975, ambiri mwa makolo athu anamva nkhaniyo kudzera pa wailesi yomweyi. Kalembera wa 1966 anapeza anthu osakwana 20,000 mu Lilongwe, pamene wa 2018 anapeza pafupifupi 990,000. Kodi munadzifunsapo kuti namtindi wonsewo umagona kuti?

Tsiku lina mukapeza mpata, mudzakwere minibasi pa depoti yolowera ku Area 49. Musadabwe kuti manambala a madera sakutsatana. Ndi mmene mzindawu unalembedwera, ndipo mlendo amasokera nawo. Mudzaona Area 47 ndi mipanda yake italiitali ya njerwa, zipata zachitsulo ndi maluwa othiriridwa ngakhale mu Okutobala. Chapatsogolo pali bwalo lalikulu la masewero la Bingu, limene linatsegulidwa mu Januwale 2017. Zimenezi simufunika kuuzidwa, pakuti wailesi ndi kanema wa Boma, amene anayamba mu 1999, amazionetsa bwino ndithu: nduna ikudula kansalu, amayi akuvina, mtolankhani akutchula ndalama zimene zalowapo.

Koma inu mudzatsike, mudzayende wapansi kulowa m'Mtandire, kufupi ndi mtsinje wa Lingadzi. Pamenepa phula lathera kumbuyo. Nyumba zathithikana mwakuti utsi wa mbaula ya mnzako umalowa pa zenera lako. Zambiri ndi za zidina, zina za njerwa zootcha, ndipo maenje amene anakumbamo dothilo amasanduka zithaphwi za udzudzu m'dzinja. Amene amasesa, kuchapa, kulondera ndi kulera ana kuseri kwa mipanda ija, ambiri amachokera kuno, ndipo amalawirira kusanache.

Mudzaime pang'ono pa kiyosiki ya madzi. Zidebe ndi zigubu zandandalikana kuyambira mbandakucha, mwini wake aliyense akudziwa malo ake pamzere ngakhale atapita kukasonkha moto. Madziwo ndi ogula pa chidebe, motero mayi wa kuno amawerengera: awa akumwa, awa ophikira, otsukira mbale akathirenso pakhomo kupha fumbi. Akatseka mpopi, njira imaloza kuchitsime kapena kumtsinje. Kumtsinjeko mudzapeza amayi ena ali m'madzi mpaka m'mawondo, akuwola mchenga wogulitsa kwa omanga. Taganizani, mchenga umene ukumanga nyumba zosanja za mzinda ndi womwewo umene ukugumula gombe limene iwo amagonapo. Nawo makala ophikira amabwera pa njinga kuchokera ku nkhalango ya Dzalanyama, kumene kuli gwero la mtsinje wa Lilongwe umene mzinda wonse umamwa.

Sikuti wailesi siitchula Mtandire ayi. Inaitchula kwambiri mu Febuluwale 2017, patangopita masabata owerengeka bwalo lija litatsegulidwa, pamene Lingadzi anasefukira n'kugwetsa nyumba, asilikali n'kuchita kubwera kudzapulumutsa anthu. Vuto ndi lakuti dera lotere limamveka pa tsiku la tsoka, kapena pamene akuluakulu akuchenjeza omanga m'malo osaloledwa. Za masiku ena onse, za lendi imene imakankhira banja kunja kwa mzinda, za munda wa chimanga umene chaka chatha unali pomwe lero pali maziko, za mwana woyenda mtunda wautali kupita ku sukulu yodzaza, sizimveka mokwanira. Kunena zoona, mtolankhani amapita kumene galimoto lamufikitsa, ndipo galimoto limakonda phula.

Komabe wailesiyi ndi yanu, pakuti imayendera misonkho yanu. Pulogalamu ya Zokonda Amayi yakhala ikusonkhanitsa amayi kwa zaka zambiri, mpaka magulu ake anafalikira m'maboma. Inu a ku Chinsapo, Mgona, Kauma ndi Senti, mukamapereka moni kwa anzanu pa wailesi, mudzatchulekonso ola limene madzi anasiya kutuluka kwanuko, ndi dzina la mlatho umene ana anu amaopa kuwoloka mvula ikagwa.