Tulo ta Namwino

Ine ndine namwino, ndipo ntchito yanga ndaigwira zaka zambiri m'boma la Chongwe, dziko la Asoli a Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II, kumene msewu waukulu wochokera ku Lusaka umadzera pa ulendo wake wa ku Chipata. Anthu akandifunsa za zida za ntchito yanga amayembekeza kuti nditchula jakisoni, thonje, sizasi ndi kawotchi kolendewera pachifuwa, ndipo zonsezo n'zoona. Koma chida chimene ndinachedwa kuchizindikira, chimene palibe anandipatsa tsiku lija ndinavala yunifomu yoyamba, ndicho tulo. Ndipo za m'mene ndinaphunzirira kutisamala ndizo ndifuna kusimba.

Maphunziro a unamwino ndi a zaka zitatu, ndipo wophunzira sakhala m'kalasi mokha, pakuti amatumizidwa ku mawadi ndi ku zipatala zazing'ono za kumidzi kuti manja ake azolowere zimene mutu wamva. M'chaka changa chachiwiri anandiika pa naiti m'mwezi wa October, nyengo imene dzuwa limaswa mtengo, mtsinje wa Chongwe utaphwa, anthu a dziko lino akukonzekera mwambo wa Chakwela Makumbi wopempha mvula. Ndikaweruka m'mawa sindinali kugona ayi. Ndinali kuchapa, kupita kumsika, kuyankha foni ya abale, kenaka n'kutsegula mabuku pansi pa denga la malata lotentha ngati chiwaya. Pakuti bambo anga anali atagulitsa ng'ombe zawo ziwiri zolimira kuti andilipirire sukulu, ndipo nthawi iliyonse ndikatseka maso ndinali kuona ng'ombezo zikutuluka m'khola, mtima n'kundiuza kuti mwana wogona masana ndi wosayamika. Chotero ndinali kudzilimbitsa ndi khofi wowawa, kapu pamwamba pa kapu, n'kumadziyesa wakhama.

Usiku wachinayi tinali ndi agogo ena aamuna amene anatha madzi m'thupi chifukwa cha kutsekula m'mimba, ndipo anawaika dilipi. Lamulo lake linali lomveka: lita imodzi ipite m'maola 8, ndipo popeza chubu chathu chinali cha madontho 20 pa mililita, ndiye kuti pa mphindi iliyonse padzigwa madontho 42. Kuwerenga madontho ndi ntchito yooneka yopepuka, koma ndiyo imasiyanitsa kuchiritsa ndi kupha, chifukwa madzi akathamanga m'mitsempha ya munthu wokalamba, mtima umalephera kuwasenza ndipo amakadzaza m'mapapo. Cha m'ma 4 koloko m'bandakucha, nthawi imene thupi la munthu limazizira koposa ndi kufooka koposa, ndinaima pambali pa bedi, wotchi m'manja, n'kusuntha kagudumu kotsegulira madzi. Ndinawerenga kufika 19, ndinabwereza, ndinafikanso 19, ndipo chimene ndikumbukira pambuyo pake ndi dzanja la a Sista oyang'anira wadi likudutsa paphewa panga kukatseka kagudumu kaja. Ndinali nditagona chiimire, madzi akutsika ngati mpopi.

Agogo aja sanapwetekeke, Mulungu alemekezeke, pakuti a Sista anafika m'nthawi yake. Ndinayembekeza kudzudzulidwa koopsa, koma iwo, atamvetsera chifuwa cha wodwalayo ndi kulemba zonse m'buku monga zinachitikira, ananditengera pakhonde nandifunsa motsitsa mawu kuti, "Mwana wanga, unagona liti?"

"Pepani, amayi," ndinatero, misozi ili mbwembwembwe, "sindikumbukira."

Mayi ameneyu, amene anali atatsala pang'ono kupuma pa ntchito, anandiphunzitsa kugona monga momwe anandiphunzitsira kusamba m'manja, ndiko kuti mwatsatanetsatane ndi mosanyengerera. Anati namwino akapereka lipoti la m'mawa apereke zonse, osasiyako kanthu kokanyamula kunyumba, pakuti kuyambira pamenepo odwala aja ali m'manja mwa anzake a masana, ndipo kuwadera nkhawa uli pamphasa ndi kunyoza anzako amene wawasiyira. Mutu umodzi susenza denga. Anati ndikafika kunyumba ndisambe, ndidye kaphala kapena chakudya china chosalemera m'mimba, nditchinge zenera ndi bulangeti lakuda, foni ndiizimitse, ndipo kukatentha ndinyowetse chitenje ndifunde. Ana a pafupi ndiwapemphe mwaulemu kudzera mwa amayi awo kuti akasewerere kutsidya, ndipo ndisachite manyazi kunena poyera kuti ndagona, popeza kwathu kuno munthu wopezeka pabedi dzuwa lili paliwombo amamuyesa waulesi kapena wodwala, ndipo alendo amagogoda osaleka. Za khofi anandiletsa kumwa pakati pa usiku pakapita. Ndipo pamene malamulo a wadi alola, anati tizisinthana kutsamira mphindi 20, osapitirira, kuti munthu adzuke maso ali gwa.

Pambuyo pake ndinapeza m'mabuku chifukwa cha malangizo onsewa, ndipo ndinazizwa kuti mayi uja anazidziwa ndi thupi lake. Munthu wamkulu amafunika kugona maola 7 kufikira 9. M'thupi muli wotchi yakeyake yotsata kuwala ndi mdima, imene kukada imatulutsa timadzi totchedwa melatonin toitana tulo, ndipo kuwala, ngakhale kwa foni, kumatichedwetsa. Akatswiri atatu a ku America, Jeffrey Hall, Michael Rosbash ndi Michael Young, analandira mphoto ya Nobel mu 2017 chifukwa chofotokoza m'mene wotchiyi imayendera, ataiphunzira pa tintchentche ta pazipatso. Mphamvu ya khofi imatenga maola ngati 5 kuti itsike ndi theka lokha, kotero kapu ya 3 koloko usiku imakhala ikadali m'magazi pamene namwino akugona m'mawa. Ndipo ofufuza a ku Australia anaonetsa kuti munthu wokhala maso maola 17 amachita zinthu mofanana ndi amene wamwako mowa. Palibe wa ife angalole woledzera kuwerenga madontho a amayi ake. Koma wosagona timamutama kuti ndi wolimba.

Chimene chinandikhudza koposa n'chakuti zimene munthu waphunzira masana zimakhazikika m'mutu iye ali m'tulo. Makolo anati mawu a akuluakulu akoma akagonera, ndipo ine ndaona kuti maphunziro nawonso ali chimodzimodzi: mayina a mafupa ndi miyezo ya mankhwala imene ndinali kuitafuna usiku wonse osaimeza, nditayamba kuwerenga maola awiri okha ndi kugona bwino, inayamba kubwera yokha pa mayeso.

Komabe pali kusowa tulo kwina kumene bulangeti la pazenera silichiza. Mwana woyamba kumwalira m'manja mwanga anali wa malungo, amene anafika naye mochedwa pangolo kuchokera kumudzi wakutali, ndipo kwa masabata angapo kulira kwa amayi ake kunali kundidzutsa, ndili chigonere n'kumamva ndege zikutsikira ku bwalo la Kenneth Kaunda. Apa a Sista sanandipatse lamulo. Anandikhazika pansi nandilola ndilankhule mpaka mawu anatha, nandikumbutsa za Eliya, amene atathedwa nzeru m'chipululu, mngelo sanayambe ndi kumulalikira, koma anamleka agone, namdyetsa, namlekanso agone. Anandichenjezanso mwamphamvu za kabati ya mankhwala, pakuti namwino wovutika mumtima amakhala ndi makiyi a mapiritsi ogonetsa m'thumba mwake, ndipo njira imeneyo yameza anthu abwino. Anati chisoni chikakana kuchoka, kapena tulo tikathawa kwa masabata ambiri, ndikaonane ndi dokotala ngati wodwala wina aliyense, ndipo ndisaope dzina la chipatala cha matenda a maganizo cha Chainama monga amaliopera anthu, poti matenda a mumtima ndi matenda ndithu.

Lero ophunzira amabwera m'manja mwanga. M'chaka cha 2024, kolera itabuka kufikira boma linasandutsa bwalo la masewero la Heroes ku Lusaka kukhala malo ochiritsira, chilala n'kutsitsa madzi a ku Kariba magetsi n'kumazima usana ndi usiku, ndinaona ana amenewa akufika pa naiti maso ali psuu, atachezera kuwerenga ndi tochi ya foni. Ndimawaonetsa m'mene timayalira bedi la wodwala wosadzuka, m'mene timapezera mtsempha pa dzanja la khanda, ndi m'mene timayendera m'wadi usiku osagunda chitseko, pakuti Florence Nightingale yemwe analangiza kale m'buku lake la 1859 kuti wodwala asadzutsidwe pa tulo take toyamba. Tsono tisanatsegule kabati ya mankhwala, ndimamuitanira wophunzira aliyense pafupi ndi nyale, ndimamuyang'ana m'maso, ndipo ndimamufunsa kuti wagona maola angati. Akayankha mozemba ndimamupatsa ntchito yopinda nsalu, ndipo madontho usiku umenewo ndimawerenga ndekha.