Ndevu za mlongo wanga

Ndikamaphunzitsa mawu a ubale ndimayamba ndi mawu akuti mlongo, chifukwa amasokoneza ophunzira ozolowera Chingerezi. Mlongo ndi m'bale wobadwa naye wosiyana nawe: mkazi kwa mwamuna, mwamuna kwa mkazi. Wofanana nawe ndiye mkulu kapena mng'ono. Chishona nachonso chimasiyanitsa hanzvadzi ndi munin'ina. Ndaphunzitsa zimenezi zaka zoposa 20, osadziwa kuti mayeso ake ndidzawalembera kwathu.

Kwathuko ndi ku Manyame Park, ku Chitungwiza, kumene malemu bambo athu, ochokera ku Dedza, anamanga nyumba atapuma ntchito ku Harare. Umo mukukhala mzime wathu, amene tinamulera ngati mnyamata. Zoti iye amadzidziwa kuti ndi mkazi ndinali nditazimva kale, ndipo ndinkati ndazilandira. Kunena zoona, chilankhulo chinkandithandiza kuzemba, pakuti m'Chichewa iye ndi iye basi, sichikukakamiza kusankha monga chichitira Chingerezi. Koma mu 2023 anandilembera kupempha ndalama zochotsera ndevu kotheratu, namaliza ndi mawu akuti "Ndine mlongo wanu".

Ndinakwinya nkhope. Fizi ndikanalipira osafunsa, za maliro ndikanakongola kumene. Koma ndevu? Malezala ali mbwee pa Makoni.

Pa Khirisimasi ndinapita, ndipo ndinaona ndi maso. Ankameta m'mawa, n'kumetanso masana ngati ali ndi ulendo. Ndevu zopotana zikametedwa pafupipafupi zimabwerera m'khungu, tsono chibwano chake chinali ziphuphu zokhazokha, zina zotuluka magazi. "Achimwene," anatero, "ndikachedwa m'tauni mpaka madzulo, mahwindi amayamba kundiyang'ana pachibwano." Mahwindi ndi anyamata oitanira anthu m'makombi, ndipo amene wakwerapo kombi ya ku Chitungwiza akudziwa kuti pakamwa pawo palibe chitseko.

Mantha akewo ali ndi maziko. Mu Januwale 2014 Ricky Nathanson anamangidwa ku Bulawayo chifukwa cholowa m'chimbudzi cha akazi pahotela, ndipo anavulidwa kuti aone kuti ndi ndani. Khoti lalikulu linamuweruzira chipukutamisozi cha madola a Zimbabwe 400,000 mu 2019, patatha zaka zisanu. Telala wa ku Manyame Park alibe mphamvu zodikira khoti zaka zisanu.

Ndinawerenga, monga tichitira anthu a sukulu tikachita manyazi. Mahomoni amafewetsa khungu, koma ndevu zomera kale sazithetsa. Njira ya electrolysis imalowetsa kasingano pamuzu wa tsitsi lililonse palokha n'kuupha ndi magetsi, ndipo popeza tsitsi silimera nthawi imodzi, munthu amabwerera kambirimbiri, chaka chathunthu kapena kupitirira. Laser ndi yachangu, koma imalondola kuda kwa tsitsi, motero pakhungu lakuda ngati lathu imatha kuwotcha ngati makina ake si oyenera. Bungwe la World Health Organization linachotsa nkhani ya anthu a transgender m'gulu la matenda a maganizo mu 2019, ndipo malangizo a bungwe la WPATH a 2022 amaika kuchotsa tsitsi pamndandanda wa chithandizo chofunika pachipatala. Ku America bungwe la Point of Pride lili ndi thumba la ndalama za ntchito imeneyi yokha. Ife thumba lathu ndi chipereganyu, chimene anzathu a Chishona amati mukando.

Tinachiyambitsa anthu atatu: ine, msuweni wathu wa ku Johannesburg, ndi achemwali athu aakulu, amene amaimba kwaya ndipo nkhani yonseyi amaitcha mayesero. Sindinayembekeze kuti angalowemo. Anati sangaonerere mwana wa mayi awo akudzicheka tsiku ndi tsiku, ndipo ndalama zawo zimafika mwezi usanathe, kuposa zanga.

Komabe mawu sanawasinthe. Mwa lamulo limene ndimalemba pabolodi, mzime wathu akakhala mkazi, ine ndiyenera kunena kuti mlongo, iwo n'kumati mng'ono. Ine ndinasintha, ngakhale lilime linkapunthwa miyezi yoyamba. Iwo anakana. Choncho tikamakambirana pafoni za chopereka cha mweziwo, tonse awiri timati "mlongo wanga", ndipo aliyense amadziwa chimene mnzake akutanthauza.